Wolima maluwa wa ku Dedza ndi mwana wa eni nyumba ku Bryanston: kodi owerenga angakhulupirire?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu amene akukhala ku Cosmo City mumzinda wa Johannesburg, ku South Africa, ndipo amaluka tsitsi mu saluni ku Randburg. Iye akuti: "Usiku ndimalemba buku la nkhani ya chikondi pafoni. Mnyamata wa m'nkhaniyi ndi wa ku Dedza, amasamalira maluwa panyumba ina ku Bryanston, ndipo masiku ake papasipoti anatha kalekale. Mtsikana ndi mwana wa eni nyumbayo, Mzulu, wowerengera ndalama pakampani ina ku Sandton. Anzanga amene ndawawerengera akuti nkhaniyi ndi yokoma koma sizingachitike. Wina akuti kumapeto kudziwike kuti mnyamatayo ndi mwana wa munthu wolemera kumudzi. Wina akuti mtsikanayo ndimusandutse wantchito mnzake. Nditani?"

Achemwali, anthu anuwo musawasinthe. Mnyamata akhalebe wolima maluwa wopanda mapepala, mtsikana akhalebe mwana wa eni nyumba. Malangizo awiri amene mwapatsidwawo akuchita chinthu chimodzi, akuchotsa kusiyana kumene kuli pakati pa awiriwo, pamene kusiyanako ndiye buku lanu. Mukadzaulula pamutu womaliza kuti mnyamatayo ali ndi bambo wa maminibasi ku Lilongwe, mudzakhala mwauza wowerenga kuti mmphawi weniweni sangakondedwe ndi mkazi wotere, kuti chinamuyenereza ndi chuma chobisikacho. Ambiri amene adzawerenge buku lanu amagona m'mashaku ndi m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za anthu, ndipo alibe bambo wolemera wobisika kulikonse. Musawachite zimenezo.

Komabe mawu a anzanuwo musawataye. Akamati sizingachitike sakutanthauza kuti zotere sizinaonekepo padziko. Mu 1948 Seretse Khama, wolowa ufumu wa Abamangwato ku Bechuanaland, anakwatira Ruth Williams, mzungu wogwira ntchito ya ukalaliki ku London. Bambo ake aang'ono, Tshekedi Khama, anakana poyamba. Boma la South Africa, lomwe mu 1949 linaika lamulo loletsa ukwati wa azungu ndi anthu a mitundu ina, linakakamiza Britain kuti ichitepo kanthu, ndipo Seretse analetsedwa kukhala kwawo mpaka 1956. Ruth anachotsedwa ntchito, bambo ake anamupirikitsa pakhomo, Seretse anasiya ufumu. Mu 1966 anakhala mtsogoleri woyamba wa Botswana, Ruth ali pambali pake. Palibe amamva nkhaniyi n'kuitcha yabodza, chifukwa tikudziwa chimene aliyense wa awiriwo anataya. Anzanu akukuuzani kuti m'buku lanu sanaone mtengo wa chikondicho, ndiponso sanaone njira imene chinadzera.

Tiyambe ndi njirayo. Zolemba zambiri za mtundu uwu zimene zimandipeza zimathamanga pamalo amodzi. Awiri aonana pageti, mitima yagunda, mutu wotsatira ali kale m'chikondi. Koma inu mukuudziwa mzinda uno, ndipo mukudziwa kuti unamangidwa kuti anthu ngati awa asakumane. Mnyamata wanu, tinene kuti amagona ku Diepsloot, amadzuka kusanache, kukaima pamzere wa matakisi, kutsika ndi msewu umene mu 2023 unasinthidwa dzina kukhala Winnie Mandela Drive ngakhale ambiri akuutchulabe William Nicol. Akamafika pageti, mtsikana akutuluka pagalimoto magalasi ali chitsekere. Akamaweruka, mtsikanayo akadali mu ofesi. Chakudya chamasana mnyamata amadyera pafupi ndi garaja, m'mbale yake ndi kapu yake imene siisakanizidwa ndi za m'nyumba. Nanga alankhulana liti, ndipo za chiyani? Funso limeneli liyankhidwe ndi mitu ingapo, osati ndime imodzi.

Apatseni chifukwa chokhalira limodzi chimene si chikondi. Mwina agogo a mtsikanayo abwera kudzakhala panyumbapo atadwala, ndipo akukana zakudya za m'sitolo, akufuna ndiwo za masamba zimene anakulira. Mtsikana sadziwa kudzala, mnyamata amadziwa. Amadziwa kuti kuno chisanu cha Juni ndi Julayi chimawotcha mbewu usiku umodzi, kuti matalala a m'dzinja amatha kuphwanya dimba lonse, kuti maungu amafuna malo oti ayange. Tsiku limene agogowo adzalawe nkhwani wotendera wa mnyamatayo n'kunena kuti kwawonso masamba a maungu amadya koma saphika chonchi, pamenepo m'nyumbamo mwalowa china chatsopano. Nayenso mtsikana ali ndi chimene mnyamata akuchifuna. Mnyamata ali ndi kabuku kolembamo ndalama za malata ndi za feteleza wa kachewere kumudzi, ndipo masamu ake sakutuluka. Chikondi chimene wowerenga amachikhulupirira chimayamba pamene wina waona mnzake akuchita bwino chinthu chimene iye sangathe.

Kenako ndalama. Olemba athu ambiri amachita nazo manyazi, amangoti "anali wosauka" basi n'kupitirira. Lembani manambala. Mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'dziko muno anaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo kuyambira 2022 antchito a m'nyumba ndi a m'madimba a nyumba amawerengedwa pamlingo womwewo ndi ena onse. Pamalipiro a 2025 amenewo, maola 8 anali pafupifupi R230 patsiku, ngati bwana akutsata lamulo. Muchotsepo takisi yopita ndi yobwerera, lendi ya shaku, ndi zimene amatumiza kwa mayi ake pa Mukuru mwezi ukatha. Tsopano muwakhazike awiriwo m'lesitilanti ku Sandton tsiku loyamba kutuluka limodzi. Mnyamata akuwerenga mitengo osati zakudya. Mbale imodzi ndi thukuta lake la tsiku lathunthu. Mtsikana, mwa chifundo chenicheni, akumupatsira khadi lake pansi pa tebulo kuti aoneke ngati walipira ndiye. Kodi mnyamata alandira? Akalandira, usiku umenewo agona bwanji? Akakana, mwezi umenewo mayi ake alandira chiyani? Chochitika chimodzi chotere chidzagwira ntchito imene masamba 20 ofotokoza umphawi sangaigwire. Ndipo musaiwale kutembenuza. Tsiku lina mtsikana apite kwa mnyamata, aone pogona, aone mpopi wa anthu ambiri, adye nsima ndi usipa umene wabwera ndi basi, ndipo asadziwe poika manja. Naye achitepo manyazi, naye alakwitse.

Nkhani ya mapepala ndiyo ndikufuna muigwire mosamala kwambiri, chifukwa owerenga anu amaidziwa ndi thupi lawo ndipo mukaiphonya adzakutayani pomwepo. Mmalawi amalowa m'dziko muno popanda viza kwa masiku 30. Malinga ndi malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014, wopitirira masiku ake akamatuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dziko. Akapitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kubwerera kwa chaka chimodzi, akapitirira ndi oposa pamenepo ndi zaka 5. Mnyamata wanu akuzidziwa zimenezi, n'chifukwa chake maliro kumudzi amawalira pafoni. Akaona galimoto ya apolisi pafupi ndi renki ya Bree kapena ya Noord amasintha njira, chifukwa akudziwa za Lindela ku Krugersdorp, kumene amasunga anthu odikira kubwezedwa kwawo. Mtsikana wakhala mumzinda womwewu moyo wake wonse koma mantha amenewa sanawalawepo. Tsiku limene adzaone dzanja la mnyamatayo likunjenjemera pa rodibuloko imene iye amangodutsa akumwetulira, ndiye tsiku limene adzadziwe kuti Johannesburg wake si Johannesburg wa mnzakeyo.

Musalembe kuti ukwati udzakonza zonse tsiku limodzi. Wakunja akafuna kukwatira nzika ya kuno amafunika kalata ya kwawo yotsimikiza kuti alibe banja lina, ndipo awiriwo amafunsidwa mafunso ndi wa za olowa ndi kutuluka ku Home Affairs pofuna kuona ngati ukwatiwo ndi weniweni. Chilolezo chokhaliratu chimapemphedwa pakatha zaka 5 za ukwati. Ndipo apa pali funso limene lidzakhale pakati pa awiriwo ngakhale asalitchule: kodi akundikonda ine kapena akufuna mapepala? Anzake a mtsikana adzalifunsa, mayi ake adzalifunsa, iye mwini lidzamudzutsa pakati pa usiku. Mnyamata naye, podziwa kuti anthu akuganiza choncho, akhoza kukana thandizo limene akulifunadi. Musalithawe funso limeneli. Muli mitu itatu kapena inayi m'menemo.

Pali chinthu china chimene buku lanu liyenera kuchiyang'ana m'maso. Mnyamatayu ndi wantchito wa bambo a mtsikanayo. Chibwenzi chikatha, mtsikana adzalira m'chipinda chake, mawa adzapita kuntchito. Mnyamata adzataya ntchito, mwina pogona, mwinanso foni imodzi yokha ya bwana ikhoza kumutulutsa m'dziko. Awiriwa sali pamlingo umodzi ngakhale ponena mawu akuti ayi. Zoona, lamulo la ntchito limamuteteza. Khoti la za ntchito linagamula mu 2008 kuti ngakhale wopanda chilolezo chogwirira ntchito akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a antchito, akachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo bwana amene walemba munthu wopanda mapepala nayenso walakwira lamulo. Koma ndi angati amene angalimbe mtima kukaima kumeneko? Ine ndingakonde kuti mtsikana wanu azindikire yekha mphamvu imene ali nayo, achite nayo mantha, ndipo mnyamata asiye ntchito panyumbapo chikondicho chisanapite patali. Akapeze maganyu kwina, avutike miyezi ingapo, kuti akadzanena kuti ndimakukonda anene ngati mwamuna woima payekha. Akapanda kutero wowerenga wanzeru adzakhala akukayika mpaka tsamba lomaliza.

Tsopano banja la mtsikana. Apa ndi pamene ndimaona olemba athu akufooka, chifukwa dziko la mnyamata amalidziwa koma la mtsikana amangoliona pawindo. Bambo wolemera wankhanza, mayi wonyada wa zibangili, basi. Anthu amenewo kulibe. Ganizani zaka zawo. Bambo wa zaka za m'ma 60 lero anakula nthawi imene munthu wakuda ankayenda ndi pasi m'thumba, mpaka 1986 pamene malamulo a pasi anathetsedwa. Lamulo logawa malo okhala potengera khungu, la 1950, linachotsedwa mu 1991, ndipo lisanachoke munthu wakuda ankagona ku Bryanston pokhapokha ngati ndi wantchito wa kuseri. N'kutheka kuti mayi ake a bamboyu, agogo aja a nkhwani, anachapa zovala za azungu m'misewu yomweyi. N'kutheka kuti banja lawo linali m'gulu la anthu amene anasamutsidwa ku Sophiatown kupita ku Meadowlands kuyambira mu Febuluwale 1955. Munthu wotere akamakana kuti mwana wake akwatiwe ndi wolima maluwa, sakana chifukwa chodana ndi amphawi. Akukana chifukwa umphawi amaudziwa fungo lake, anautuluka ndi magazi, ndipo analumbira kuti mwana wake sadzabwererako. Mukamulemba choncho, wowerenga adzamukwiyira ndi kumumvetsa nthawi imodzi, ndipo tsiku limene bamboyo adzazindikire kuti akuchitira mnyamatayu zimene ena anachitira mayi ake, buku lanu lidzalemera.

Mtsikananso asakhale mphotho chabe imene mnyamata akulandira. Ali ndi katundu wake. Mwina ndiye amalipira sukulu ya ana a azakhali ake ku KwaZulu-Natal. Mwina kuntchito ndiye mkazi wakuda yekha patebulo la akuluakulu ndipo watopa ndi kudzionetsa kuti akuyenera. Mwina amuna a msinkhu wake amene amakumana nawo amamuyesa ndi galimoto ndi dzina la sukulu. Tidziwe chimene chikumusowa, kuti timvetse chifukwa chake mtima wake wapuma pamene wakhala pansi pamzere wa maungu ndi munthu amene sakumupikisana naye.

Za chidani cha pa alendo simungazilambalale, koma muzilembe moona. Mu Meyi 2008 ziwawa zinayambira ku Alexandra, kutsidya kwa msewu wa M1 kuchokera ku Sandton kumene mtsikana wanu amagwira ntchito, ndipo anthu 62 anaphedwa m'dziko lonse, ena mwa iwo nzika za kuno. Mu Epulo 2015 zinabukanso kuyambira ku Durban, boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Mu Seputembala 2019 masitolo anawotchedwa ku Jeppestown ndi Malvern. Kuyambira 2021 pali gulu lolimbana ndi alendo la Operation Dudula limene linayambira ku Soweto. Zonsezi mnyamata wanu akuzidziwa. Koma inu mumaluka amayi a kuno tsiku ndi tsiku, mukudziwa kuti amene anabisa Amalawi m'nyumba zawo nthawi ya ziwawa analinso a kuno. Liwu lonyoza alendo loti kwerekwere likatuluka m'kamwa mwa mlendo pamsewu limapweteka pang'ono. Likatuluka m'kamwa mwa mchimwene wake wa mtsikana, patebulo, akuseka, ndipo mtsikanayo n'kukhala chete kwa kanthawi asanayankhe, kukhala chete kumeneko mnyamata sadzakuiwala. Lembani chimenecho m'malo mwa moto wa m'misewu.

Mulinso ndi chuma china chimene simunachigwiritse ntchito. Mnyamata wanu si woyamba m'banja lake kubwera ku Joni. Golide atapezeka kuno mu 1886, migodi inafuna manja, ndipo bungwe la Wenela linatenga amuna a ku Nyasaland kwa zaka zambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula obwerera kumudzi inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 anafa, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso pansi pa bungwe la Teba mu 1977, n'kudzathanso cha mu 1988 pamkangano wa kuyeza magazi. Ambiri anabwerera ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Ena sanabwerere, matchona aja, anakwatira konkuno, ndipo ndi chifukwa chake mumapeza a Banda ndi a Phiri m'malokeshoni amene Chichewa sachidziwa. Kumudzi anasiya akazi akudikira mpaka kukalamba. Mayi a mnyamata wanu akamva kuti mwana wawo wapeza mkazi wa ku Joni, sadzaganiza za chuma cha mkaziyo. Adzakumbukira atsibweni awo amene anapita ndi Wenela n'kungoti zii. Kukana kwa ku Dedza kukhale kolimba ngati kukana kwa ku Bryanston. Mukalemba ngati kuti banja losauka lingovina pomva kuti mwana wawo akukwatira wolemera, mwawachotsera ulemu anthu athu.

Mnyamatayonso musamuyeretse kwambiri. Osauka a m'mabuku amakonda kukhala angelo, ndipo angelo satopetsa pang'ono powerenga. Mwina ali ndi nkhanza ya kunyada. Mwina ananama poyamba za sukulu imene analekezera. Mwina kumudzi kuli mtsikana amene anamulonjeza, kapena mwana. Inu mukudziwa kuti amuna ambiri kuno ali ndi mabanja awiri. Ngati wanu ali ndi wina kumudzi, mkazi ameneyo musamutaye m'ndime imodzi ngati chopinga panjira. Pakati pa owerenga anu padzakhala amayi amene ali pamalo ake.

Mwambi umati ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. M'buku lanu mwambiwu suthandiza. Inu amene mumaluka mukudziwa kuti zingwe ziwiri sizigwira, pamafunika chachitatu, ndipo chachitatu m'nkhani yanu ndi abale. Apa ndi pamene mayiko awiriwa adzagundane kwenikweni, kuposa pa ndalama. Kwa Azulu mwamuna amatumiza omulankhulira, amapereka kandalama kotsegulira pakamwa, kenako amakambirana za lobola. Mwambo wodziwika ndi ng'ombe 11, khumi za bambo ndi imodzi ya mayi, ngakhale masiku ano ambiri amawerengera mtengo wake m'ndalama ndipo mabanja amagwirizana mosiyanasiyana. Pambuyo pake pamabwera umembeso, pamene a kuchimuna amapereka mphatso kwa a kuchikazi, ndi umabo, pamene mkwatibwi amaperekedwa kwa banja la mwamuna ndi kugawa mabulangete ndi mikeka. Mkazi amalowa m'banja la mwamuna, makolo akale amauzidwa, ana amatenga dzina la kuchimuna. Kwa Achewa a ku Dedza zinthu zimayenda mwina. Malowolo a ng'ombe kulibe monga aliri kwa Angoni a ku Mzimba kapena Atumbuka. Pali ankhoswe, pali chinkhoswe chosinthana tambala ndi msoti, ndipo mwa mwambo mwamuna amapita chikamwini, ana amawerengedwa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume.

Taonani zimene zikutuluka. Atsibweni a mnyamata akwera basi masiku awiri, kudutsa Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, atsika ku Park Station ndi jekete lawo labwino. Akhala pansi m'nyumba ya ku Bryanston ndipo auzidwa za ng'ombe 11. Kwa iwo zikumveka ngati kugula munthu. Kwa a kuchikazi, mwamuna wosalowola ndi mwamuna wosalemekeza mkazi, ndipo mwana wawo adzasekedwa moyo wake wonse. Onse awiri ali ndi ulemu wawo, onse awiri akupwetekana osadziwa. Mtsikana angathe kulipira yekha lobola lake lonse ndi malipiro a miyezi yochepa, ndipo akudziwa kuti akatero wanyoza bambo ake ndi mwamuna wake nthawi imodzi. Ndipo funso la ana: ku Dedza akuti ana ndi a kwa mkazi, kwa Azulu akuti ana ndi a kwa amene walowola. Mbali zonse zikukankhira ana kutsidya, kapena zonse zikuwafuna, malinga ndi mmene mungalembere. Pali pamene akufanana, ndipo mupaonetse. Kwa onse awiri mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, kwa onse awiri ukwati sumangidwa ndi anyamata okha popanda akulu. Atsibweni aja ndi agogo a nkhwani akhoza kumvana msanga kuposa mmene ana awo ophunzira angamvanirane. Kumbukiraninso kuti lamulo la kuno la 1998 limazindikira ukwati wa mwambo ngati ukwati weniweni, ndipo la ku Malawi la 2015 limateronso, choncho zimene akulu agwirizana pamkeka zili ndi mphamvu kukhoti.

Za chilankhulo ndinene mwachidule. Awiriwa adzayamba ndi Chingerezi, chimene kwa mtsikana ndi cha kuntchito ndipo kwa mnyamata ndi cholankhulira ndi mabwana. M'Chingerezi mnyamata adzaoneka wochepa nzeru kuposa mmene alili, ndipo akudziwa. Chizulu chake anachitola m'matakisi ndi kuntchito, ndi cholamula ndi chopempha, chosakwanira kufunsira mbeta. Inu mukulemba m'Chichewa, ndiye zokambirana zawo zonse muzilembe m'Chichewa chomveka, n'kungotiuza apo ndi apo kuti panopa akulankhula chiyani. Mawu a Chizulu akhale ochepa, ndipo mufunse kasitomala wanu wa Chizulu akuwerengereni aliwonse musanasindikize. Koma mutipatse malo amodzi pamene mnyamata akulankhula ndi mayi ake pafoni, akuseka, akuponya miyambi, ndipo mtsikana akumumvetsera osamva kanthu, n'kuzindikira kuti munthu amene amamudziwa ndi theka chabe la munthu ameneyu.

Mapeto. Wowerenga nkhani ya chikondi amabwera ndi chiyembekezo choti awiriwo adzakhala limodzi, ndipo ine sindikuona chifukwa chomumana. Anthu athu kuno amaona mapeto oipa okwanira. Koma chisangalalocho chidutse m'malamulo ndi m'miyambo imene mwaika m'bukumo, chisaidumphe. Njira imene ndikuiona yoona ndi iyi. Kuti akonze mapepala ake, mnyamata ayenera kutuluka, ndipo potuluka pa Beitbridge adzadindidwa zaka 5. Chiletsocho munthu akhoza kuchidandaula ku Home Affairs, koma yankho silibwera msanga ndipo silitsimikizika. Ndiye asankhe: kukhala mobisala pafupi ndi mkazi amene amamukonda, kapena kupita kuti adzabwere ngati munthu wa dzina. Akapita, mtolo usamukira kwa mtsikana. Tsopano ndiye amene ayenera kuwoloka malire, kukafika ku Dedza kumene digiri yake siithandiza kusonkha moto, kumene amayi adzamuyang'ana mmene akugwadira popereka madzi, kumene iye ndiye mlendo wosamva chinenero. Akhale kumeneko nthawi yokwanira kuti atope, akwiye, afune kubwerera, ndipo apeze chifukwa chokhalira.

Kaya pomaliza adzakhazikika ku Johannesburg, ku Lilongwe, kapena adzakhala akuyenda pakati, zimenezo musankhe inu, malinga tikadzafika pamenepo tikhale tikudziwa chimene mtsikana wasiya ndi chimene mnyamata wasiya, ndipo zonse ziwiri zikhale zinthu zimene ankazikondadi. Bwererani ku zimene mwalemba kale, mutu ndi mutu, ndipo pambali pa mutu uliwonse mulembe amene walipira m'mutu umenewo. Mukapeza kuti dzina la mnyamata likubwera kasanu motsatizana, mutu wachisanu ndi chimodzi ukhale wa mtsikana. Mukamaliza muwerengerenso anzanu aja, koma ulendo uno muitanepo ndi mayi mmodzi wa kuno, makamaka wachikulire wa Chizulu amene anakwatitsapo mwana, mumufotokozere mutu wa lobola, ndipo mumufunse ngati bambo wa m'nkhani yanu akulankhula ngati bambo wa kwawo.